Mbuzi Imene Anaiseka Apongozi Anga

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni apongozi anga, a Esinati Nakoma, kumanda a kwawo kuseri kwa Chinakanaka. Pa maliro awo panachitika chinthu chimene abusa sanakondwe nacho: anthu anaseka. Mayi wina amene ankathyola nawo tiyi anapatsidwa mpata woti anenepo mawu. Ataimirira anakonza mpango wake, nangoti, "Anzanga, mukukumbuka za mbuzi ija." Sanapitirire. Azimayi amene analipo kale pa esiteti anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedera, ndipo achinyamata ankangoyang'anana osadziwa ngati kumeneko ndi kulira kapena ayi. Kunali kuseka ndi kulira komwe, ndipo ndikhulupirira kuti eni akewo akanakhutira nazo.

Ine ndinalowa m'banja lawo nditakwatiwa ndi mwana wawo wachiwiri, amene ankayendetsa thirakitala pa esiteti pomwepo. Kwathu anandilangiza kuti pamaso pa apongozi suonetsa mano. Malangizo amenewo sanakhalitse. Loweruka lina masana, anthu ataweruka, apongozi anafika pakhomo pathu m'layini, nyumba za antchito a pa esiteti, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, m'manja muli kambale ka chinangwa chophika.

"Mwatha kutsuka mbalezo?" anandifunsa.

"Zatsala pang'ono, amayi."

"Zisiyeni, sizithawa. Kanema ndiye amathawa."

Masiku amenewo kampani inkaonetsa kanema Loweruka limodzi pamwezi, m'shedi yosungiramo mabokosi a tiyi. Woonetsa anali a Saidi, makaniko wa ku fakitale, munthu wosayankhulayankhula. Mazenera ankatsekedwa ndi masaka kuti mukhale mdima, ndiye mkatimo munkatentha, fungo la thukuta litasakanikirana ndi la tiyi wouma. Apongozi sankakhala kutsogolo ngati ana kapena kumbuyo ngati akuluakulu. Malo awo anali pakati, pafupi ndi nsanamira yachitsulo, pamene ankati nsalu yonse imaoneka bwino mpaka m'makona. Za m'makonazi ankazisamala kwambiri. Ankati anthu ambiri amangoyang'ana amene akuyankhula, pamene zokoma zimachitikira kumbuyo kwake: wina akugwa m'ngalande, galu akuthawa ndi nsapato, wantchito akulawa chakudya cha bwana. Nthawi zambiri iwo ndiwo ankayamba kuseka, ena n'kumafunafuna pansalupo kuti aone chasekedwacho.

Chingerezi sankachimva, kupatula mawu ochepa amene akapitawo ankakalipira nawo kumunda. Zimenezo sizinkawadetsa nkhawa. Ankati kanema amene akufuna kuti uyambe wamva mawu kuti useke ndi kanema waulesi. Munthu akamathamangitsidwa ndi njuchi, chilankhulo chake tonse timachidziwa.

Mwa makanema onse amene anabwera mu shedimo, panali mmodzi amene anamukonda koposa. Dzina lake lenileni palibe ankalidziwa. Tonse tinkangoti kanema wa chipewa. Munali munthu wina wowonda, wometa anthu tsitsi. Tsiku lina kasitomala anaiwala chipewa m'shopu yake, iye n'kutuluka nacho kuti amupatse, lumo likadali m'thumba, sopo m'manja. Kasitomalayo anali atakwera kale basi. Wometayo anadumphira lole imene ankayesa kuti ikupita komweko, koma inali ya akuba. Kuchokera pamenepo sanabwererenso kushopu: anadutsa m'chipululu, anawoloka mtsinje m'bafa losambiramo, anagona m'khola la ngamila. Akubawo ankamulondola chifukwa ankaganiza kuti munthu sangavutike chonchi ndi chipewa wamba, muyenera kuti mwasokeredwa chuma. Panjira anakumana ndi mayi wina wonenepa atasenza makina osokera, amene anamutsatira ulendo wonse akumukalipira.

Pa kanema ameneyu ndi pamene pankachokera mkangano wawo ndi amuna awo, a Mulaviwa, amene anali alonda a ku fakitale. Apongozi aamunawa ankakonda makanema a mfuti ndi mahatchi, momwe munthu mmodzi wamphamvu amagwetsa adani onse chipewa chake chosagwa. Mkanganowo unkayambira pakhomo pa shedi n'kukafika nawo kunyumba, nthawi zina mpaka m'mawa wa Lamulungu popita kutchalitchi.

"Munthu wanu uja n'chitsiru," ankatero a Mulaviwa. "Ndani angasiye shopu yotsegula chifukwa cha chipewa cha mwini?"

"Chitsiru, inde, koma chikubweza katundu wa eni ake. Wanu wamfutiyo anabwezapo chiyani?"

"Amapulumutsa mudzi wonse."

"Akangotulukira ine ndimadziwa kale kuti safa. Ndimuopere chiyani? Wangayu satha kusambira, satha ndewu, ngakhale kukwera bulu amakwera chotembenuka. Akafika pamtsinje mtima wanga umakhala m'mwamba."

Apa ndi pamene panagona nzeru yawo yonse ya kanema. Ankati kuseka ndi mantha zimagona malo amodzi m'mimba, ndipo kanema wabwino amadzutsa zonse ziwiri. Phompho likhale lakuya ndithu, ng'ona ikhale ndi mano, ndiye munthu akatsetsereka n'kukodwa ndi thalauza pamtengo, kusekako kumatuluka ndi mphamvu. Pofuna kutsimikiza ankasimba za utsikana wawo, pamene ankakwera kuphiri la Chambe kukatola nkhuni. Mnzawo wina anaterereka pamwala wonyowa, mtolo uli pamutu, n'kutsetsereka chokhala pansi mpaka anakaima pachitsamba, phompho lili pafupi. Atadzuka, choyamba chimene anafunsa chinali chakuti nkhata yake yagwera kuti. Apongozi ankati tsiku limenelo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo zikanakhala kuti mnzawoyo anagwa pabwalo pamudzi sakanaseka choncho.

Chinthu china chimene sankachilola ndi wosewera wodziwa kuti akuseketsa. Akaona wina akukwinya nkhope dala n'kumayang'ana kwa ife, ankapinda manja. Ankati ameneyo akupemphetsa. Wometa uja sankaseka ngakhale kamodzi. Kwa iye nkhani ya chipewa inali yaikulu ngati mlandu wa munda, ndipo akachipukuta fumbi mosamala, iye mwini ali matope okhaokha, shedi yonse inkagwa nako kuseka. Ankakondanso kuti sankadziwa chobwera kutsogolo. Makanema ena, iwo ankati, ali ngati mzere wa tiyi: ukaima koyambira ukuona kale kothera. Uyu ankakhota ngati njira ya mbewa, koma ukaganiza bwino, chilichonse chinkachokera pa chinzake.

Panali malo amodzi pamene sankaseka. Wometayo atalendewera pamlatho wothyoka, mayi wolongolola uja anayenera kusankha pakati pa makina ake ndi munthu amene ankamutukwana ulendo wonse. Anaponya makina m'madzi n'kumugwira dzanja. Atamukoka, anayambiranso kumukalipira. Pamenepo apongozi ankapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje, ndipo ukawayang'ana ankati ndi utsi wa jenereta. Pomaliza wometayo anamupeza mwini chipewa, koma chipewacho chinali chitang'ambika, atatungira madzi, nkhuku itaikiramo mazira. Mwini wakeyo anali atagula kale china. A Mulaviwa ankati mathero amenewo ndi achipongwe. Akazi awo ankati maulendo ndi otero: makolo awo anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki kudzagwira ganyu ya nyengo imodzi kuti akagule nsalu, ndipo manda awo ali kuno.

Ngakhale lumo la boma ankalipezera kukoma. Makanema onse ankabwera atadulidwa malo amene akuluakulu anaona kuti ndi osayenera. Mwamuna akayandikira mkazi, nkhope zili pafupi kukhudzana, chithunzi chinkadumpha, n'kumuona mwamuna yemweyo ali pahatchi akuthamanga m'thengo. Achinyamata ankadandaula chapansipansi. Apongozi ankangonong'ona kuti, "Amukana, taonani liwiro lake."

Atakalamba anasiya ntchito, nakakhala kumudzi ku Chinakanaka. Nthawi imeneyo kampani inali italeka kuonetsa kanema, ndipo ku Chitakale kunabwera mavidiyo m'tinyumba ta kuseri kwa msika. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, komabe anandiumiriza kuti ndiwaperekeze. Tinakhala pabenchi pakati pa anyamata ogulitsa malonda, kabokosi kali patsogolo, mkati anthu akumenyana mateche kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Iwo ankandigwira mkono n'kumafunsa kuti, "Nanga kumbuyoko kukuchitika chiyani?" Ndikawauza kuti kulibe kanthu, ankapukusa mutu. Potuluka anagula chinanazi, nati ulendowo usapite pachabe. Sanabwererekonso. M'malo mwake ankasimba makanema akale pakhonde, Lamulungu masana, akusenda nandolo, ndipo ana a m'mudzi amene sanaonepo shedi ija ankamudziwa wometa uja ngati mbale wawo.

Koma ndibwerere ku mbuzi, chifukwa ndi imene anthu amawakumbukira nayo.

Zaka zimenezo kanema asanayambe ankaonetsa kaye nkhani za boma: minda ya chimanga, misewu yatsopano, akuluakulu akudula maliboni. Pa nthawi imeneyo munthu sunkatafuna, sunkanong'ona. Pakhomo pankaima anyamata a chipani amene ankaona makadi a umembala wa chipani polowa, ndipo maso awo sankakhala pansalu, ankakhala pa ife. Loweruka limenelo nkhani inali ya nduna ina imene inkatsegula mlatho kudera lina lakutali. Ndunayo inali kutsogolo ikuyankhula, chala chili m'mwamba. Shedi yonse inali zii. Mwadzidzidzi, pambali panga, apongozi anaphulika kuseka. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, koma kunali kutatuluka kale, ndipo aliyense anadziwa mwini wake.

Makina anaima. Wina anachotsa saka pazenera limodzi, kuwala n'kulowa. Kutsogolo kunaimirira a Namakhwa, kapitawo wamkulu amenenso anali tcheyamani wa chipani pa esiteti, munthu wamtali amene ine ndinali ndisanamuonepo akumwetulira.

"Waseka ndani?" anafunsa, ngakhale ankadziwa.

Apongozi anadzuka, napita kutsogolo, nagwada monga mwa ulemu. "Ndine, bambo."

Amene sanakhaleko nthawi imeneyo sangamvetse mmene mitima yathu inachitira. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo, ena osabwerera. Ngakhale akanapanda kutengedwa, ntchito ikanatha, nyumba ya m'layini n'kulandidwa, mwina pamodzi ndi ya amuna anga. Ndiponso ife a makolo ochokera kutsidya kwa malire tinkakumbutsidwa kawirikawiri kuti tikhoza kubwezedwa kwathu, kumene kunali nkhondo. A Mulaviwa anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani, a tcheyamani, mayiwa kuyambira dzulo mutu ukuwavuta. Sakudziwa chimene akuchita."

"Mutu wanga uli bwino," anatero apongozi, osatembenuka.

"Ndiye mwaseka anduna muli bwinobwino?" anafunsa a Namakhwa.

"Anduna sindinawaseke, bambo. Ndaseka mbuzi."

"Mbuzi iti?"

"Ili kumbuyo kwawo, kudzanja lamanzere."

A Namakhwa anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati alipo wina amene anaona mbuzi. Palibe anayankha. Ine ndemwe sindinaione, chifukwa ndinkayang'ana ndunayo monga tinazolowera. Kenako a Namakhwa anauza a Saidi kuti abweze filimuyo iyambirenso.

"Ikapanda kuoneka mbuziyo, mayi, nkhaniyi mukaifotokoza kuboma."

"Ndamva, bambo."

A Saidi anachedwa kubweza, chifukwa filimu inkapulumuka pagudumu. Apongozi anakhalabe chogwada pasimenti. Saka linabwezedwa pazenera, makina n'kuyamba kulira. Ulendo uno palibe amene anayang'ana nduna. Maso onse anali pakona ya kumanzere.

Poyamba panalibe kanthu. Kumbuyo kwa nduna kunali chipata chokongoletsedwa ndi masamba a nthochi ndi maluwa, pambali pake wapolisi ataima chilili, manja ali m'mbali. Kenako pansi pa chipatacho panatulukira mutu wa mbuzi yoyera. Inanunkhiza tsamba, n'kuyamba kudya mosafulumira. Itakoka, chipata chonse chinapendekeka pang'ono. Wapolisi uja sankaloledwa kusuntha, ndiye ankangoiyang'ana cham'mbali, n'kumatambasula phazi limodzi pang'onopang'ono kuti aikankhe, thupi lonse lili chiimire. Mbuziyo inasiya tsamba, n'kuyamba kulawa chingwe cha nsapato yake. Kutsogolo ndunayo inali ikugwedezabe chala.

M'shedimo munalibe amene anayerekeza kuseka. Ndinkangomva anthu akupuma movutika, wina akudziluma mkono. A Namakhwa anali ataima patsogolo pathu, atatipatsa msana. Tinaona mapewa awo akuyamba kugwedera. Anatsokomola kamodzi, kenako kawiri, n'kutuluka panja mofulumira. Malata a shedi sabisa mawu. Tonse tinawamva kuseri akuseka ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali osaseka, mpaka kumenya khoma ndi chikhatho.

Atabwerera nkhope inali itabwerera mwakale, koma maso anali onyowa.

"Mbuzi imeneyi ndi yopanda mwambo," anatero. "Yalakwa ndi mbuzi. Dzukani, mayi. Koma tsiku lina muzisekera m'mimba."

"Zikomo, bambo."

"A Saidi, pitirizani."

Tsiku limenelo anali atabweretsanso kanema wa chipewa. Sindinamvepo anthu akuseka ngati mmene anasekera masana amenewo. Wometa uja asanachite n'komwe kanthu, atangotulukira ndi sopo m'manja, anthu anali atagwa kale m'mabenchi. A Mulaviwa nawo anaseka, ngakhale pambuyo pake ankakana.

Titafika kunyumba ndinawapatsa apongozi madzi akumwa. Ndinawafunsa ngati sanaope.

"Mwana wanga," anatero, "pamene ndinagwada paja ndinayamba kukayika ngati ndinaionadi mbuziyo. Ndinati kapena maso andinamiza. Ndinapemphera pemphero limene sindinapempherepo: Ambuye, bweretsani mbuzi."

Nkhaniyo sinathere pomwepo. Kuti zioneke kuti pachitika kanthu, a Namakhwa anawasamutsira kumunda wa kumtunda, wotsetsereka, kumene dengu limalemera kawiri ndipo chiperoni chikabwera zala zimauma. Anathyola kumeneko nyengo yonse osadandaula. Ankati pa mitengo imene akanatha kulipira, umenewo unali wotsika. Chimene tinadabwa nacho n'chakuti kuyambira pamenepo a tcheyamani ankasiya mpando wawo wa kutsogolo nkhani za boma zikatha. Ankabwera kudzakhala benchi ya kumbuyo kwa apongozi, ndipo kanema akafika posokoneza ankawerama n'kufunsa chapansipansi kuti, "Mayi, ameneyu akuthawanso chiyani?" Pa nkhani za boma apongozi anaphunzira kuyang'ana pansi, pa zala zawo za kumapazi, mpaka zitatha.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Anali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo munthu akamasimba nkhani mozungulira ankamudula n'kumuuza poyambira. Ankatha kupsereza ndiwo chifukwa chotengeka ndi kucheza. Anakhalapo miyezi osayankhulana ndi mchimwene wawo, mkulu wa mpingo, amene ananena pa msonkhano kuti shedi ija ndi khomo la Satana. Anagwirizananso pa ukwati wa mdzukulu, aliyense osasintha maganizo. Koma sindinakhalepo ndi munthu wina amene ankadziwa kupeza pokondwera pa tsiku lolemetsa ngati iwo. Tsiku limene denga la khitchini yawo linagwa ndi mphepo, ine ndinawapeza ataima pabwalo akuonerera tambala amene anatsekeredwa pansi pa lichero akuyenda nalo.

Sabata yatha ndinapita ku Chinakanaka kukaona a Mulaviwa. Nyumba ili momwemo, nandolo wa kuseri wabereka, koma palibe womusenda pakhonde. Madalawo amayala mphasa masana n'kukhala kumapeto kwenikweni, mbali yaikulu ili yopanda munthu, ngakhale mlendo akabwera amamupatsa mpando. Ana a m'mudzi amabwerabe Lamulungu, mwina chifukwa cha chizolowezi, ndipo tsopano amene amawasimbira ndi iwowo, munthu amene moyo wake wonse ankati kanema ameneyo ndi wa zitsiru. Sasimba bwino. Ndinawamva akusokoneza, akuika ngamila pamtsinje ndi bafa m'chipululu, mayi wa makina uja atamuiwaliratu. Atafika pakati anaima, natembenukira kumbali yopanda munthu ija, nadikira pang'ono kuti awadule mawu. Panalibe wowadula. Anakanda kumutu, nauza anawo kuti, "Apa ndalakwitsa. Tiyeni tiyambirenso pamene anatuluka m'shopu."